Zingwe za Amalume Anga a Jeremiasi

Pa manda, munthu wina amene sindimutchula anaimirira n'kunena kuti a Jeremiasi Mpatula anali munthu wofatsa, wosakonda mikangano. Ndinangoweramitsa mutu chifukwa maliro ndi maliro. Koma linali bodza, ndipo mwiniwake akanamva akanagogoda m'bokosimo. Amalume anga anali munthu wovuta. Anakangana ndi asodzi, anakangana ndi akuluakulu a boma a ku posto, anakangana ndi mwana wanga wamkazi atakalamba kale mano atatha m'kamwa. Ndi ine anakangana moyo wonse pa nkhani imodzi yokha: ngati amayi anga, omwe ndi mlongo wawo, ayenera kuyenda okha kapena ayi.

Amayi anga a Rozalina saona. Maso awo anathera ku Malawi, mu kampu ya othawa nkhondo, komwenso tinaika bambo anga. Ine ndinkati munthu wosaona agwiridwe dzanja. Amalume ankati munthu wogwiridwa dzanja tsiku lililonse amayamba kupempha chilolezo ngakhale chopita kuchimbudzi, ndipo iwo sadzalola mlongo wawo afike pamenepo. Palibe anagonjera mnzake.

Nkhondo isanafike kuno, iwo ankagwira ntchito pa sitasawu ya njanji ya Entre Lagos. Anali aguyero, munthu wotembenuza zitsulo za njanji kuti komboyo, sitima ya pamtunda, ilowe mzere woyenera, ndipo dzina limenelo linawamatirira mpaka imfa. Ntchitoyo inawasiyira khutu lamanzere lakufa, kuchokera tsiku limene bomba linaphulika pansi pa ngolo iwo ali pafupi. Inawasiyiranso matenda ena osachiritsika, osakhulupirira chizindikiro chilichonse chobwera chokha. Ankati woyendetsa komboyo sumuuza chinthu ndi njira imodzi. Umamuonetsa mbendera, umamulizira apitu, wenzulo wa panjanji, ndipo kukachita chifunga umamangirira kachiphuliko pa njanji kuti gudumu likaponda amve ndi makutu, amvenso ndi msana. Maso amatopa, makutu amagontha, dzanja limachita dzanzi, koma sizifa zonse tsiku limodzi. Mawu amenewa tinawamva mpaka kutopa nawo.

Ndiye moyo wawo wonse unali wotero. Sankaitana munthu ndi pakamwa pokha, ankakuitana uku akukugenda ndi kachibuma, ndipo ukakwiya ankadabwa kuti wakwiyiranji. Botolo la parafini ankalimanga chiguduli pakhosi, la madzi ayi. Chitini cha mchere ankachikhwekhwereza ndi msomali, cha shuga chinkakhala chosalala. Pa chitseko chawo panali kabelu ka njinga, ndipo chingwe cha beluyo chinkagwedezanso nsalu yofiira mkati, chifukwa akagonera khutu labwino sankamva kanthu. Asodzi a ku Chiuta anawatukwana chaka china atawauza kuti kukuwa pa nyanja mphepo ikuomba n'kutaya malovu, ndipo ayenera kukweza nsalu pa nsungwi. Anawatukwana, kenako anayamba kukweza nsaluzo mwakachetechete.

Mkangano wawo ndi Felizada ndiuyambe tsopano, ngakhale unachitika mochedwa. Felizada ndi mwana wanga woyamba. Anaphunzira za makompyuta ku Nampula, ndipo pa tchuthi china anabwera ndi telefoni ya galasi lokhalokha yoti apatse agogo ake. Mkati mwake anaikamo pulogalamu yolemba yekha, yoti amayi aziimbira anthu komanso azikumbutsidwa mankhwala a kuthamanga magazi. Amalume anailandira pakhonde, n'kuitembenuza uku ndi uku.

"Dotora, mabatani ali kuti?" anafunsa, akumutcha dotolo wa maphunziro monyodola.

"Mulibe mabatani, avo. Mumangokhudza galasi." Avo ndiye agogo m'Chipwitikizi.

"Ndiye wosaona akhudza pati? Galasi lonse n'losalala ngati mimba ya mlamba."

"Imalankhula. Chala chikafika pa dzina, imatchula dzinalo."

Amalume anaviika chala mu ndowa n'kukhudza. Telefoni inakhala duu. Anayang'ana Felizada, kenako anati titsagane nawo ku chigayo. Kumeneko, injini ikubangula, anamupatsa telefoniyo n'kumuuza kuti atsinzine, aimbire bambo ake. Mawu a telefoni anamira m'phokoso. Felizada anakuwa kuti imanjenjemeranso m'manja. Amalume anakuwa kuti inde ikunjenjemera, koma ikunjenjemera chimodzimodzi pa chilichonse, ndiye munthu adziwa bwanji ngati ndi nthawi ya mankhwala kapena ndi Domingu akufuna kulalata? Domingu ndine. Mwana wanga anatengera mtima wanga. Analanda telefoniyo, anawauza kuti komboyo yawo inafa kale, n'kubwerera ku Nampula osatsanzika.

Pa tchuthi chotsatira anabweranso. Telefoni inali itavala chikopa cha labala chokhala ndi timatuza m'makona, toti chala chidziwe pomwe chili. Kunjenjemera kunasiyana, kwa mankhwala kwautali, kwa ine kodukaduka. Ndipo anaikamo chinthu china chimene amalume anachikana ndi mtima wonse: telefoniyo inkamva. Felizada anakhala ndi agogo ake masana angapo akuwajambula mawu, iwo akutchula mayina a anthu awo mobwerezabwereza, mpaka makinawo anazolowera katchulidwe kawo. Amalume anati n'zosatheka chitsulo kumva Chinyanja cha nkhalamba yopanda mano. Amayi anaika telefoni pakamwa n'kuti, "Jeremiasi." Telefoni ya amalume inalira m'thumba mwawo.

"Ikumva bwino kuposa inu, achimwene," anatero amayi.

Amalume sanadye tsiku limenelo. Pamenepo anagonja, ndipo ndinasangalala kuwaona atagonja. Koma panali chinthu chimodzi chimene anachiumirirabe. Anafunsa Felizada kuti, pakamwa pakatchula dzina lina chala chili pa dzina lina, telefoni imvera ndani. Felizada anati imvera chimene chafika koyamba. Amalume anamenya pansi ndi ndodo. Anati isamvere aliyense. Iime, ifunsenso. Ndipo ikamafunsa, kulira kwina konse kutonthole, munthu amve mawu amodzi. Felizada anaona kuti apa sipanali pa nthabwala. Anasintha pulogalamuyo, koma madzulo anandifunsa chimene chinawapsetsa mtima chonchi agogo akewo. Iye anabadwa zonse zitatha, ndipo palibe anamufotokozerapo bwinobwino.

Zinali chonchi.

Mtendere utasainidwa mu 1992, sitinabwerere nthawi yomweyo. Tinadikira kumva kwa amene anatsogola. Titafika, mudzi unali udzu ndi zipupa zakuda. Chitsime chinalipo, m'mphepete mwa dambo, koma njira yake inkadutsa pambali pa malo amene asilikali ankakhala, ndipo asilikali sachoka pamalo osasiya kanthu m'nthaka. Anabwera asapadori, anthu ofukula mabomba okwirira, koma ulendo woyambawo anangodzaika malire. Anandandalika miyala yopakidwa utoto, yofiira mbali ya imfa ndi yoyera mbali ya njira, anakhoma zikwangwani za chigaza cha munthu, n'kunena kuti adzabweranso. Amalume anayenda mzere wonsewo manja ali kumbuyo. Pobwera anati ntchitoyo ndi yabwino, koma yonse yapangidwira maso.

Anayamba yawo. Anapota chingwe kuchokera ku maukonde akale, n'kuchiyendetsa pa zikhomo zofika m'chiuno, kuyambira pa nsanamira ya nyumba ya amayi mpaka pa chitsime. Pafupi ndi pokhota, pomwe njira inkayandikira kwambiri miyala yofiira ija, anamanga mfundo zoyandikana kuti dzanja lidziwe. Anapita ku nyanja pa njinga maulendo osawerengeka kukatuta zigoba za nkhono, n'kuzimwaza m'njira monse kuti phazi lizimva ndipo zizilira munthu akaponda. Mbali ya mabomba anapachika zitini zokhala ndi timiyala, zoti mphepo ikaomba zizichita phokoso.

Ine ndinakana. Ndinali nditaphunzira sekondale ku Malawi, ndinali ndi mphamvu, madzi ndikanatunga ndekha kapena akazi a pamudzi akanatithandiza. Ndinawauza amalume kuti akusewera ndi moyo wa munthu pofuna kukumbukira njanji yawo. Amayi ndi amene anandidula mawu. Anati mu kampu anakokedwa ndi ana a eni zaka zonse zija, ena akuwaseka, ena akuwasiya pakati pa njira akaona anzawo, ndipo sanabwerere kwawo kuti adzakokedwenso ngati mbuzi yopita ku msika. Anatenga ndowa. Anapita, anabwera ndi madzi. Mawa lake chimodzimodzi.

Mvula yoyamba itayandikira, lole ina inatsitsa mabanja ochokera ku kampu ina chakumadzulo. Amalume anali ku nyanja, ine kumunda. Anthuwo anatula katundu pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi pokhota paja. Amene sanakhaleko kuno sangamvetse, koma dziko lathu ndi la mchenga, mwala woti n'kuikapo mphika umasowa. Mayi wina anaona miyala yabwino itandandalikidwa, yofanana kukula kwake, anatolapo mafuwa ake. Anzake anatolanso. Mwamuna wake, poona mitambo, anafuna popachika lona, chinsalu cha pulasitiki chija tinkapatsidwa ku kampu. Anamasula chingwe cha amalume pa chikhomo cha pokhota, n'kukachimanga pa kamtengo kena mkati mwa udzu, mbali ya mabomba. Analowamo n'kutulukamo wamoyo, ndipo sankadziwa n'komwe kuti wachita chinthu chodabwitsa. Mvula inagwa, mphepo inaulutsa lonayo, chingwe chinatsala cholunjika kumene sichinayenera kulunjika. Mapazi a bamboyo anafufutika. Zitini zinadzaza madzi, zinasiya kulira.

M'mawa amayi anatenga ndowa monga mwa masiku onse.

Zimene zinawachitikira anatiuza pambuyo pake. Dzanja linkawauza kuti ali m'njira, chifukwa chingwe chinali m'manja. Zigoba zitasiya kulira, anaganiza kuti matope azikwirira, anapitirira. Kenako anamva udzu wonyowa ukuwakhudza m'miyendo, pamalo pomwe sipayenera kukhala udzu. Dzanja linkati pitani, phazi linkati ayi. Anaima.

Ine ndinamva mfuu ya mkazi ndili kuseri kwa nyumba. Pofika ndinapeza anthu atadzaza kale m'njira, ndipo amayi ataima okha mkati mwa udzu, atatifulatira, ndowa ili m'dzanja limodzi, chingwe m'dzanja lina. Aliyense ankakuwa. Wina akuti bwererani, wina akuti musasunthe, wina akuti kumanja, ena m'Chiyao, ena m'Chimakuwa, akazi atayamba kale kulira maliro. Ndinaona mutu wa amayi ukutembenukira uku ndi uku kutsata mawu, ndipo thupi linayamba kutsatira mutu. Phazi lawo lamanzere linanyamuka pang'ono.

Ndinathamanga. Sindinafike. Amalume anandimenya ndi pampu ya njinga pabondo, ndinagwa chafufumimba pa zigoba, ndipo anandiponda pamsana.

"Ukufuna ndiike anthu awiri, galu iwe?"

Anatulutsa apitu yawo ya ku njanji, anailiza mpaka anthu anatseka makutu. Itatha, anati aliyense amene atsegule pakamwa amuponya yekha mu udzumo. Kunakhala chete moti ndinamva madontho akugwa m'masamba a mango.

"Rozalina."

"Achimwene."

"Tsitsa phazilo pomwe linali. Ndine ndekha ndilankhule. Wamva?"

"Ndamva. Ndalowa kwambiri?"

"Walowa. Koma mvula yatithandiza, mapazi ako akuoneka. Ubwerera chambuyo, momwe unaponda momwemo."

Anayamba ndi pakamwa. Anati abweze phazi lamanja kumbuyo, pang'ono chakumanja. Amayi anabweza, phazi lili m'mwamba, koma pang'ono wa munthu woona si pang'ono wa munthu wosaona. Linapitirira chidindo cha phazi ndi chikhatho chathunthu. Amalume anakuwa kuti ayi, amayi anadzandira, anagwira chingwe mwamphamvu, n'kubweza phazi pomwe linali. Ine pansi paja ndinaluma mchenga.

Amalume anaitanitsa nsungwi zazitali zimene asodzi amakankhira bwato. Analumikiza ziwiri ndi mphira, kunsonga anamangirira kachitini kouma kokhala ndi timiyala. Anavula nsapato, n'kulowa okha m'mapazi oyamba a amayi, chidindo ndi chidindo, mpaka nsungwi inafika. Anawauza malamulo. Nsungwi ikakhudza chidendene, ndilo phazi loti linyamuke. Kenako iwo aika nsonga m'chidindo cha kumbuyo, chifukwa pamenepo nthaka inasenza kale munthu ndipo sinaphulike, n'kugwedeza kachitini. Phazi lifune nsungwi m'mwamba, litsetsereke nayo mpaka kunsonga. Koma asaponde mpaka zitatu zigwirizane: zala za phazi zikhale pa nsonga, khutu limve kachitini pansi pa phazi lomwelo, ndipo iwo anene kuti ponda. Chimodzi chikasowa, phazi libwerere.

"Ndowa nditani?"

"Ipachike pa chingwe. Usaigwetse."

"Ndi ndowa yatsopano, achimwene."

"Ndikugulira ina, chitsiru iwe. Pachika."

Anayamba. Nsungwi inkanjenjemera chifukwa cha kutalika, ndipo manja a amalume sanali a mnyamata. Kukhudza chidendene, kuika nsonga, kachitini kuti tseketseke, zala za amayi kufufuza m'mwamba ngati za khanda, kupeza nsungwi, kutsetsereka, ndiye mawu aja, ponda. Amayi akabwerera phazi limodzi, amalume nawonso ankabwerera limodzi. Dzuwa linakwera, nthunzi inayamba kutuluka m'nthaka, ntchentche zinatera pankhope pa amayi ndipo sanazithamangitse. Sindikudziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Bondo langa linatupa ndili chigonere ndipo sindinalimve.

Kenako amalume anakhala chete. Nsungwi inalendewera m'mwamba.

"Achimwene, mwatonthola bwanji?"

"Phazi lako sindikuliona. Pali udzu wogona, sunasiye chidindo."

Mkazi wina kumbuyo kwanga anayamba kusisima, mnzake anamutseka pakamwa. Amalume anayang'ana pamalopo, anapendeka mutu, anagwada pa bondo limodzi m'chidindo chimene anaimamo. Ndinawaona akufuna kuika nsungwi mongoganizira, n'kuibweza. Akanatha kungoti ponda kuti mlongo wawo asachite mantha. Sanatero.

"Ndi phazi lamanzere?" anafunsa amayi.

"Lamanzere."

"Pamenepo ndinaponda kachitsa. Kanandibaya pansi pa chala chachikulu, mpaka pano pakuwawa. Dikirani."

Ananyamula phazi, n'kuliyendetsa kumbuyo pamwamba pa udzu, osaponda, zala zokha zikupesa nsonga za udzuwo. Phazi linapita kumanzere, linabwerera, linatsika pang'ono, linaima.

"Ndi aka."

"Ukutsimikiza, Rozalina? Zitsa n'zambiri."

"Kanabaya ine, osati inu. Ikani nsungwi yanu pambali pake, mugwedeze."

Anaika, anagwedeza. Amayi anamvetsera.

"Nenani tsopano."

Amalume anati, "Ponda."

Anaponda. Kunangomveka udzu.

Zotsalazo zinali zidindo zooneka. Chidendene chawo chitafika pa zigoba n'kumva zikulira, amayi anakhala pansi pomwepo, miyendo itatambasuka, n'kupempha madzi akumwa. Amalume anaponya nsungwi, anapita kuseri kwa mtengo wa mango n'kusanza.

Ine nditadzuka ndinafuna bambo womasula chingwe uja. Anandigwira anthu. Amalume anapita okha kwa alendowo, anachotsa miphika pamoto, anatenga miyala ija ikadali yotentha n'kukaibwezera pa mzere, mbali yofiira itada ndi mwaye. Anawatukwana mokwanira, ndinamva ndi khutu langa. Koma madzulo anawapititsira zibuma za chulu zoti aziphikirapo, ndipo kuyambira tsiku limenelo lole iliyonse yotsitsa obwerera inkawapeza atayima pamsewu. Asanatule n'katundu yemwe, ankawayendetsa mzere wonse, akulu ndi ana, kuwagwiritsa chingwe ndi kuwapondetsa zigoba. Asapadori atabweranso anafukulamo zimene anafukula. Bomba limodzi linali pafupi ndi kamtengo kaja, poti mbuzi yomangidwa pamenepo ikanafika.

Tsiku la ngoziyo lomwelo ndinatenga chikwanje n'kudula chingwe chonse, kuyambira pa nsanamira mpaka ku chitsime. Sindinapepese ndipo sindidzapepesa. Chingwe chimenecho ndicho chinawalowetsa amayi mu udzu. Ndinawauza amalume zimenezo pamaso. Iwo anati inde chingwe chinanama, koma zigoba sizinaname, ndipo n'chifukwa chake anaika zonse ziwiri. Ndinati munthu akagwiridwa dzanja palibe chonama. Anati ndipo iwe ukadwala, ukakwatira, ukapita ku Cuamba kukafuna ntchito, adzagwira dzanja la ndani? Tinatsala pang'ono kumenyana. M'mawa mwake ndinadzuka n'kupeza amayi kulibe. Anali atapita ku chitsime ndi mphika wa dothi pamutu, opanda chingwe, akufufuza zigoba ndi mapazi okha. Pobwera anaima pamaso panga.

"Domingu, chingwe chikhalepo kapena chisakhalepo, ine ndizipita. Sankha wekha chimene ukufuna ndiziyenda nacho."

Amalume anamanganso. Ulendo uno anaika waya wokhomerera ndi misomali, woti munthu sangamasule ndi manja. Zitini anaziboola pansi kuti madzi azituluka. Zikhomo za pokhota anazipaka oyilo wakuda wa ku chigayo kuti mphuno nayo idziwe. Ndipo anadziikira lamulo limene sanaliphwanye mpaka miyendo inawakana: m'mawa uliwonse, amayi asanatuluke, iwo ankamanga nsalu kumaso n'kuyenda njira yonse okha. Anthu ankawaseka. Mabomba atachotsedwa sanasiye. Anawonjezera mawaya ena, wopita ku tchalitchi, wopita ku chigayo, wopita pakhonde pawo, uliwonse ndi mfundo zakezake, ndipo zigoba ankazithira zatsopano mvula iliyonse ikatha. Amayi anayenda okha zaka zonsezi. Ankapita kukakangana ndi mlongo wawo nthawi imene afuna, n'kuchokako nthawi imene afuna. Ine ndi amalume tikakumana tinkapatsana moni, kenako mmodzi ankayambitsa. Iwo ankati waona, sanafe. Ine ndinkati anatsala pang'ono. Zonse ziwiri zinali zoona.

Amalume anamwalira m'nyengo yozizira yapitayi, atadwala chifuwa. Ine ndinapita ku Entre Lagos kukafuna matabwa a bokosi. Abale anafika ochuluka, a ku Cuamba, a ku Malawi, ena oti sanapondepo pano chibwerereni. Anachita zimene anthu amachita pa maliro. Pabwalo payenera kuyera, anthu apeze pokhala, chisakasa chimangidwe, moto uyake. Akazi anasesa zigoba zonse ngati zinyalala n'kukazitaya kudzala. Anyamata anazula zikhomo chifukwa alendo ankakodwa m'mawaya, zikhomozo anasonkhezera moto wophikira anamfedwa, mawaya anamangira chisakasa. Amayi anali m'nyumba pafupi ndi mtembo, sanadziwe kanthu. Pobwera ndi matabwa ndinapeza bwalo loyera bwino, ndipo ndinalalata pamaliro pomwepo mpaka akuluakulu anandikokera kuseri. Anthu anati ndi chisoni. Sichinali chisoni, ndinkafuna kumenya munthu, koma sindinadziwe kuti ndimenye uti, chifukwa aliyense anabwera kudzathandiza.

Ndiye chimene ndinachimenyera nkhondo moyo wonse ndachipeza. Amayi sayendanso okha. M'mawa amanena dzina langa pa telefoni, ine ndimabwera, amaika dzanja paphewa panga. Salankhula m'njira. Akafuna kuchimbudzi amadikira mpaka mkazi wanga amalize zimene akuchita, ndipo amayamba ndi kupepesa.

Sabata yatha anandiuza kuti ndiwapititse pakhonde pa amalume. Titafika anachotsa dzanja paphewa panga, anayendetsa phazi pa mchenga mpaka chala chinalowa m'kadzenje momwe munali chikhomo choyamba.

"Maenje akadalipo," anatero. "Mvula ikagwa atsekeka."

Sanandipemphe kanthu. Koma madzulo ake ine ndinapita kukaona ngati matayala a njinga ya amalume angafike ku nyanja kukatuta zigoba.

Pakadali pano bwalo lili momwe analisiyira osesa. Kuchokera pakhomo pa amayi kukafika pakhonde pa amalume ndi mchenga wosalala, ndipo munthu akadutsa samveka. Timaenje tikuoneka pamzere, tikukhota pomwe njira inkakhota, tikulowera ku chitsime. Nkhuku zayamba kusamba fumbi m'menemo. Chitseko cha amalume n'chotseka, mpando wawo anatenga wachibale wa ku Cuamba, ndipo kumwamba chakum'mawa mitambo yayamba kusonkhana.